Banga Loyera M'tsaya mwa Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna a ku Usisya, ndimamva fungo la fodya wa chingambwe wosakaniza ndi chidulo, losanganikirana ndi fungo la chinangwa choviika chimene agogo aakazi ankayanika pathanthwe. Agogo aamunawo ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ulusi ataukola kuchala cha phazi, tsaya lakumanzere litatukuka ndi fodya. Malovu akudawo ankalavulira m'chitini, pakuti anali munthu waukhondo.

Kwa iwo fodya anali mankhwala a dzino, a njala ndi a kutopa komwe. Chaka china m'tsaya muja munatuluka banga loyera losapweteka, limene pambuyo pake linasanduka chilonda. Agogo aakazi anawachonderera kuti akwere sitima kupita kuchipatala.

"Kachilonda aka kakungofuna fodya waukali," anatero agogo, uku akutsindira fodyayo pachilonda penipeni. "Inu ama, samalani za kondowole wanu."

Pamene anavomera ulendowo, n'kuti akulephera kutafuna ngakhale usipa. Anabwerako ndi dzina la nthendayo, khansa ya m'kamwa, ndipo ukonde uja unamalizidwa ndi anthu ena, iwo atatisiya.

Chaka chatha, paukwati ku Chintheche, mlongo wanga Esinati, amene anatengera chizolowezi cha agogo, anaseka kwambiri, ndipo kuseri kwa mlomo wake ndinaona banga lomwe lija.

"Achemwali, tatsegulani pakamwa."

"Achimwene, mwayamba kuyendera mano a anthu paukwati wa eni? Sikapweteka aka."

"Ka agogo nakonso sikankapweteka," ndinayankha.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Dokotala anatifotokozera kuti madzi a fodya amawononga mnofu pamalo pamene fodyayo amakhala, ndiponso amafooketsa asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kuchotsa tizigawo towonongeka tisanasanduke khansa. Banga la Esinati linachotsedwa lisanafike poipa. Fodya anasiya monyinyirika, ndipo masiku ano amatafuna nzimbe, akundinena kuti ndinamulanda bwenzi.

Kwa agogo ndinatengera ukhondo ndi liuma. Ndinatengeranso khalidwe limene ena amaliyesa mwano: munthu akaseka, ine ndimayang'ana m'kamwa. Esinati akandiona, amayamba wandiyasamulira, kenaka n'kupereka moni.