Anandidyetsa Kaye Pasita pa Chintheche

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene loji yomwe ndinkachapako zovala pa Kande inatiuza kuti alendo achepa, tikapume kaye kunyumba. Kupuma chiyani, m'nyumba mulibe ndi mchere womwe? Kwathu kuno kupita ku Joni si nkhani yodabwitsa. Ada, bambo anga, anapita, anabwerako ndi jekete ndi chifuwa. Achimwene anga a Yotamu anapita, apolisi anawabweza ndi chikwama chokha. Tsopano inali nthawi yanga.

Ama sanakane. Ndinawapeza akusenda chigawu, chinangwa cha kwathu, pakhonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Pita, Tamara, koma usakakhale mtchona. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Tsiku langa likadzakwana, duku udzandimange ndiwe. Mkazi wa Yotamu amamanga mokhota." Ndinaseka, nawonso anaseka, koma tonse tinadziwa kuti mawu aja sanali nthabwala.

Ntchito ndinakaipeza m'katauni ka alimi a mphesa, kuseri kwa Kepi, mu lesitilanti ya mayi wina wachitaliyana. Ndinayamba ndi kutsuka mbale. Kenako madamu anaona kuti manja ozolowera kusinja chigawu satopa msanga, anandiika pokanda ufa wa pasita. Ndinakanda ufa umenewo mpaka zala zinaphunzira kudziwa zokha kuti madzi akwana. Koma zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko sindinakhalepo pampando wa m'lesitilanti ija. Ife tinkadya choimirira, pafupi ndi chitseko cha kuseri, maso ali kunja kuopa apolisi, poti masiku a pa pasipoti yanga anatha kalekale.

Kusungulumwa kwa ku Joni sindingakufotokozere munthu amene sanapiteko. Umakhala pakati pa anthu tsiku lonse koma palibe amene amadziwa dzina la amayi ako. Foni imalira kwambiri kumapeto kwa mwezi, ndipo moni wake amakhala waufupi. Fizi ya ana a achimwene, malata, feteleza, bwato labooka. Ndinkatumiza, sindinkadandaula, ndinapitira zomwezo. Chimene chinkandisunga ndi mawu a ama. Iwo analibe foni, ankajambula mawu pa foni ya a Yotamu, ndipo sankapempha kanthu. Ankandiuza za nkhuku yawo yakuba, za nkhungu zomwe zagwa kunyanja, za amene wakwatiwa ndi amene wathawa ukwati. Ndinkamvetsera m'chipinda chosungira ufa, foni nditaiphatika kukhutu.

Tsiku lina ndinawatumizira timbewu ta bazili, masamba onunkhira amene Ataliyana amaika m'chakudya chawo. Ama anawatcha mpungabwi wa azungu, anawadzala kuseri kwa bafa pomwe pamayenda madzi. Patapita nthawi anandiuza monyada kuti pa Chintheche pabwera bambo wina wachitaliyana, a Marko, watsegula kalesitilanti, ndipo akumawagula masamba aja. "Iwe uli ndi mzungu wako, inenso ndili ndi wanga," anatero. Mawu amenewo ndikanali nawo mu foni.

Mvula ya chaka chatha ili mkati, mawu a ama anasiya kubwera. Achimwene anati ama agwidwa ndi sitiroko, pakamwa pakhota, sakutha kuyankhula. "Koma akumva bwinobwino, mlongo. Muzitumiza mawu, ndiziwaikira." Ndiye ine tsiku ndi tsiku ndinkalowa m'chipinda cha ufa chija n'kumayankhula ndi ama. Ndinkawaimbira nyimbo za kumvano, ndinkawauza kuti alimbe mtima, ndikubwera. Yankho la achimwene linkabwera msanga: amva, amwetulira. Ndikapempha chithunzi, ankati ama safuna kujambulidwa ali choncho. Ndikati tiimbirane pa vidiyo, ankati netiweki yavuta. Ndikati ndikubwera, amalume eni ake ankandiimbira foni. "Usapupulume, mwana wanga. Ukatuluka wopanda mapepala sadzakulolanso kulowa. Mankhwala a mayi ako agula ndani?"

Ndinapirira mpaka mtima unakana. Madamu anandiuza poyera kuti ntchito siyidikira munthu. Ndinati zikomo, ndamva. Ndinagulira ama duku yabuluu ya mphepete zagolide, yoti akavale kutchalitchi akachira. Pachipata cha m'malire anandidinda chidindo choletsa kubwereranso, ndinachiyang'ana ndipo sindinamve chisoni. Achimwene ndinawauza nditafika kale ku Lilongwe. Iwo anati, "Musatsike pa Kande. Mupitirire mpaka pa Chintheche, mundipeza ndikugula mankhwala a ama."

Minibasi inadutsa Tukombo, inaima pa Kande kutsitsa anthu. Ndinaona ndi maso angawa njira yopita kwathu, mtengo wa mango wa pamphambano, ana akuthamangitsa tayala. Ndinakhalabe pampando ngati chitsiru chifukwa achimwene anena.

Pa Chintheche ndinawapeza atavala jekete dzuwa lili pamutu, thukuta lili chuchuchu. Mankhwala m'manja munalibe. Anandilandira chikwama n'kunditsogolera, osati kokwerera minibasi, koma kanjira kotsikira kunyanja, mpaka pa kalesitilanti ka matebulo ochepa pansi pa mtengo. Pambali panali uvuni wa njerwa ukufuka, mayina a zakudya atalembedwa ndi choko pa bolodi.

"Achimwene, mukupenga?" ndinawafunsa. "Ndachoka ku pasita kudzadya pasita? Tiyeni kwa ama."

"Idyani kaye, mlongo. Ulendo wake ndi wautali. Amalume akubwera, tipitira limodzi."

Apa m'pamene ndimadzikwiyira. Mwambo umenewo ndimaudziwa, ndinakula ndikuuona. Kwathu munthu wochokera kutali samuuza zovuta ali ndi njala. Amamupatsa madzi, amamupatsa chakudya, amadikira atsuke m'manja, kenako wamkulu amakhosomola n'kuyamba kuyankhula. Mchimwene sangatule yekha nkhani yotero, ndi ntchito ya amalume. Zonse zinali poyera: jekete, maso othawa, kuyang'anayang'ana kumsewu. Koma munthu amene wakhala akumva kuti amayi ake akumwetulira saganiza zimenezo.

Mtsikana woperekera zakudya anabweretsa mbale ziwiri. Ndinene zoona ngakhale zikundiwawa, chakudya chija chinali chabwino. Pasita yokanda pamanja, yolimba pang'ono pakati monga iyenera kukhalira, tomato wophikidwa mofatsa, adyo, mafuta a olivi, tchizi pang'ono pamwamba. Achimwene ankalimbana ndi foloko ngati akuvuula ukonde, sanameze kanthu. Ine ndinadya. Kanali koyamba m'moyo wanga kukhala pampando wina n'kundibweretsera chakudya chimene ndakhala ndikuphikira anthu ena. Ndinamaliza mbale yonse, ndinapukuta msuzi ndi buledi. Ndinafika poganiza kuti ama akachira ndidzabwera nawo pano.

Pamwamba pa pasita panali masamba a bazili. Ndinanunkhiza limodzi n'kufunsa mtsikana uja ngati amachokera ku Kande, kwa ama anga a NyaManda. Anandiyang'ana, anayang'ana achimwene, analowa m'khitchini. Posakhalitsa munatuluka bambo wachikulire wa imvi, epuloni ili mbuu ndi ufa. Anali a Marko aja.

"Ndinu Tamara? Wa ku Joni?" Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitonga, chopunduka koma chomveka. Anapukuta manja, anagwira dzanja langa ndi manja awiri, anawerama monga timachitira kwathu. "Pepani ukongwa. Ama anu anali mnzanga. Pamaliro ndinalipo. Mvula inali yambiri tsiku lija, koma anthu anabwera, anaimba bwino."

Mvula. Ife tinali pakati pa chilimwe, mango ali pafupi kupsa.

Sindinalire. Ndinatembenukira kwa achimwene, ndipo iwo anali atayang'ana m'mbale. Anasankha malo aja chifukwa pa Kande mayi woyamba kundiona akanayamba kulira ndisanatsitse n'komwe chikwama. Anaganiza kuti kwa mzungu kulibe wotidziwa. Anaiwala kuti ama ankabwera kumeneko ndi dengu sabata iliyonse, chifukwa pa zochita za ama iwo sankalabadako.

"Tinakhala pansi ndi amalume," anayamba motsitsa mawu. "Tinaona kuti mukabwera simubwereranso. Ana ali pasukulu, nyumba sinathe. Ama anali atapita kale, mlongo, kubwera kwanu sikukanawadzutsa."

"Nanga amene ankamwetulira ndani?"

Anakankhira mbale yawo pambali. Ndinafunsanso.

"Nyimbo zanga munkaikira ndani?"

"Ndinkangotsegula kuti muone kuti zamvedwa."

"Duku anawamanga ndani?"

"Alamu anu."

A Marko anaima pomwepo manja ali lende, atazindikira chimene achita. Anayamba kupepesa. Ndinawauza kuti asapepese, pa anthu onse a kunyanja kuno ndi iwo okha amene andiuza zoona. Amalume anafika pa kabaza nditaimirira kale. Anakhala pampando, anavula chipewa, anakhosomola kuti ayambe. Ndinati, "Musavutike, amalume. Ndadya kale, ndamvanso kale." Sindinayambe ndawayankhapo chotero chibadwire, ndipo sindikupepesa.

Kumanda ndinakapeza udzu utamera, utauma, ena atautentha kale. Duku yabuluu ija ndinaimanga pamtanda, mowongoka, mfundo kumbuyo monga ama ankakondera. Pamenepo ndiye ndinalira, ndekha, maliro amene anzanga analira n'kuiwala.

Anthu akumudzi akuti ndabwerako wamwano. Amayi a kumvano anabwera kudzandiuza kuti abale anachita zimenezo pondikonda, ndisasunge mangawa. Chikondi chanji chimenecho? Ku Joni ndinkadziwa malo anga: ndinali manja okanda ufa, palibe ananamizira kuti ndine mwana wake. Ndinkapirira chifukwa ndinkati kwathu kuli anthu amene amandiwerenga ngati munthu. Ndabwera ndapeza kuti kwathu ndinali mjigo. Mjigo amaupopa m'mawa ndi madzulo, amausamala kuti usathyoke, koma palibe amene amapita kukauuza kuti kwagwa maliro.

Ku Joni sindingabwerere, ndipo foni ya kumapeto kwa mwezi inasiya kulira. Ndikugona m'nyumba ya ama. Bazili wawo kuseri kwa bafa sanafe, alamu ankathirira poti ankagulitsa. Tsopano ndimathirira ndine, ndipo Lachisanu ndimanyamula dengu kupita nalo pa Chintheche. A Marko anandipempha kuti ndiziwathandiza kukanda ufa, ndinakana, pasita sindifuna ngakhale kuiona. Ndimangokhala pampando womwe uja, iwo amapukuta manja n'kukhala moyang'anana nane, ndipo ndimawafunsa. Anaimba nyimbo ziti? Bokosi ananyamula ndani? Duku inali ya mtundu wanji? Maliro a amayi anga ndikuwamva pang'onopang'ono kwa mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, m'Chichewa chopunduka, chifukwa kwathu kulibenso munthu amene ndingamukhulupirire.