Cholembera Chofiira cha a Kachingwe

Che Shaibu, telala wa pakhonde la golosale ku Biwi, anawadziwa a Stephano Kachingwe tsiku limene anabwera ndi jekete long'ambika thumba. Anali mkulu wamtali, wa nsapato zopukuta ngakhale kunali fumbi la Okutobala. Asanapereke jeketelo, anayamba asolola cholembera chofiira m'thumbamo, nachifumbata mpaka kusoka kunatha.

"Kodi n'chagolide chimenecho, bambo?" anafunsa Che Shaibu.

"Chaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu," anayankha mkuluyo osaseka.

Kuyambira pamenepo benchi la pakhondepo linasanduka la a Kachingwe. Mayi a kunyumba anali atatsogola kale, ndipo m'nyumba munatsala mipando ndi mabuku okhaokha. Ankafika mmawa ndi nyuzipepala ya Chingerezi, n'kumaichonga ngati kope la mwana wa sukulu. Apa mneni sakugwirizana ndi mwininkhani, apo atsegula mitengero n'kuiwala kutseka.

"Taonani, Che Shaibu! Munthu walankhula, amusiya kukamwa kuli yasa!"

"Mutsekeni ndinu, aphunzitsi," ankatero telalayo, phazi lili pa makina.

Za mwana wawo mmodzi yekhayo, Trevor, a Kachingwe anaziulula patapita chaka. Mnyamatayo atapita ku Joni kukafuna ntchito, ankatumiza makalata m'katundu wobwera pa basi. Ankalemba m'Chingerezi pofuna kukondweretsa bambo ake. Iwo ankachonga kalata iliyonse, kuika malikisi m'munsi, n'kuibweza pa basi yomweyo. Kwa iwo chimenecho ndicho chinali chikondi, pakuti mwana amene sumusamala sumuchongera. Kalata yachitatu inali yonena kuti wakwatira. Inabwerera ili psuu, ndi mawu akuti alembenso.

Trevor sanalembenso. Zinadutsa zaka zisanu ndi ziwiri.

Che Shaibu ankaona kuti galimoto iliyonse yotsitsa katundu wa ku Joni ikaima pamsewu, a Kachingwe ankatsitsa nyuzipepala pang'ono, n'kuikwezanso. Sankawafunsa kanthu.

Kenaka maso a mkuluyo anayamba kuchita nkhungu. Nyuzipepala ankabwera nayo ndithu, koma inkangokhala pamiyendo. Tsiku lina anakhosomola nati, "Che Shaibu, mundilembereko kalata yopita kwa Trevor."

"Ine? Sukulu ndinalekera Sitandade 4, aphunzitsi. Zolemba zanga ndi miyeso ya mathalauza."

"Lembani m'Chichewa. Momwe ndilankhuliremo."

Telalayo anang'amba tsamba m'buku la miyeso. Mawu anali ochepa: kuti maso apita, kuti mpongozi sanamuonepo, kuti kalata ija anaiwerenga mpaka kumapeto ndipo anakondwa, kungoti sananene. Zilembo zinapendama ngati chimanga chogwa ndi mphepo.

"Ndikuwerengereni kuti mukonze?"

A Kachingwe anapukusa mutu. "Ayi. Ipite momwemo."

Anaipatsira mayi wina wa geni wopita ku Joni, amene ankadziwa kumene anyamata a ku Biwi amakhala. Mvula inagwa, inakata. Benchi linayamba kukhala lopanda munthu masiku ena, chifukwa miyendo nayo inali itayamba kukana.

Mwezi wa Juni mayi uja anabwera ndi envulopu. Che Shaibu anatseka makina dzuwa lili pamutu, napita nayo kunyumba kwa a Kachingwe. Anawapeza pakhonde atafunda jekete lija. M'envulopumo munali chithunzi cha kamtsikana kogweluka mano, kuseri kwake atalemba kuti Tisunge, mdzukulu wanu, ndi kalata ya Trevor ya tsamba limodzi, theka Chichewa theka Chingerezi. Telalayo anawerenga modumphadumpha, mawu ena akuwaphotchola. Mkuluyo sanamudule ngakhale kamodzi.

Atamaliza, dzanja la a Kachingwe linalowa m'thumba lija n'kutulutsa cholembera. Che Shaibu anaganiza kuti ayamba kuchonga.

"Tengani," anatero. "Muzilembera pa nsalu. Tsono yambiraninso, pamene akuti bambo."