Magalasi a m'chitini cha a Bwanali

Fungo la mafuta a makina likandipeza paliponse, ndimabwerera pakhonde pa a Bwanali, oyandikana nafe ku Malenga Chanzi, pomwe ankakonzerapo mawotchi ndi njinga, utsi wa nsomba zowamba ukulowa m'maso, misi ikugunda m'mitondo ya mpunga kuseri kwa nyumba. Anali munthu wosathamangira kuyankhula. Ukawafunsa kanthu m'mawa, yankho unkalimva atabwerako ku mzikiti masana.

Ine nthawi imeneyo ndinali mtsikana wotchuka ndi mwano. Ndinkadutsa akuluakulu osagwada, osapereka moni, ndipo amayi anatopa nako kundikoka makutu. Zoona zake n'zakuti munthu akakhala patali ndinkangoona chinthu chikuyenda, ngati chitsa m'nkhungu, ndipo ndinkayesa kuti aliyense amaona choncho.

Tsiku lina a tcheyamani a chipani anandikodola ali tsidya la munda wa mpunga, ine n'kungopitirira ndi ndowa yanga pamutu. Posakhalitsa uthenga unafika woti bambo akaonekere kumsonkhano, akafotokoze chifukwa chimene amaphunzitsira ana kunyoza chipani. Masiku amenewo mlandu wotere unkatha kumutengera munthu kutali, kosabwerako msanga. Bambo sanandimenye. Anangokhala pamkeka osadya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikoti.

M'mawa mwake a Bwanali anandiitana. "Asiyatu, tandiuza, mumtengo wa mango uwo muli chiyani?"

"Muli zobiriwira," ndinatero.

Anapukusa mutu, n'kutulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza magalasi akale amene anatolera pomwe ankagwira ntchito m'sitima ya panyanja. Lililonse ankaliyesa padzuwa. Lotukuka pakati, limene linkasonkhanitsa kuwala pakadontho kotentha, ankaliika padera. "Ili ndi la ife nkhalamba, lowerengera kitabu. Lako likhale lathyathyathya mbali imodzi, mbali inayo lolowa m'kati ngati kambale. Tagwira ndi chala." Ndinamva kadzenje kozizira. Padzuwa silinkawotcha kanthu, linkangomwaza kuwala.

Tinayesa limodzilimodzi, diso lina nditatseka ndi dzanja. Lina linachepetsa mtengo wonse mpaka ndinamva chizungulire. "Ilo lakula mphamvu, lizikupweteka mutu," anatero. "Timasankha lofooka, bola likukwanira." Kenaka nditaika lina padiso, masamba analekana, lililonse palokha, ndipo pakati pawo panali mango aawisi ndi kambalame. Nditatembenuka ndinaona amayi ataima pakhomo pathu, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sindinkadziwa kuti nkhope ya munthu imaoneka ali patali chotero, ndipo nanenso ndinalira.

A Bwanali anamangirira magalasi awiri osiyana kukula pawaya wa sipoko ya njinga, n'kuikapo ulusi wokoleka m'makutu. Atatero anavala kofiya wawo, anaponya galasi lotukuka lija m'thumba la mkanjo, n'kunditenga ulendo wa kwa a tcheyamani.

Atapatsana moni wautali, wofunsana mpaka za mbuzi, anapereka galasilo ndi manja awiri. "Bwana, tayang'anirani umu, muone mtengo uwo."

A tcheyamani analiika padiso. "Sindikuona kanthu ine. Nkhungu yokhayokha."

"Dzulo mwanayu anakuonani choncho."

A tcheyamani anandiyang'ana ndi magalasi anga a waya aja, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye lero ukundiona?"

Ndinagwada mpaka mawondo analowa mumchenga. Dzina la bambo silinatchulidwe kumsonkhano.

Kusukulu anzanga ankanditchula kadzidzi, koma kadzidziyo anayamba kuwerenga zapabolodi. A Bwanali anatisiya kalekale, ndipo masiku ano maso ndimakayezetsa kuchipatala, komabe magalasi a waya aja ndimawasunga m'kabati. Mwana akandidutsa osapereka moni, azimayi anzanga amayamba kudandaula za ana a masiku ano. Ine ndimamuitana, n'kumulozera mtengo, n'kumufunsa kuti muli chiyani.