Nkhope ya Amalume pa Pepala

Chithunzi choyamba chimene ndinasindikiza kunyumba kwanga ku Kanyama chinali cha amalume anga, achimwene a amayi. Iwo ndi telala. Anachoka ku Malawi ali mnyamata n'kudzakhazikika kuno ndi makina awo osokera. Ndinawajambula Lachisanu atachokera kumzikiti, ali pakhonde, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kawo. Ankafuna chithunzi chakuda ndi choyera, chonga cha makedzana, choti atumize kwa mlongo wawo wina amene anatsala kumudzi.

Pa kompyuta chinkaoneka bwino kwambiri. Pulinta ndinali nditangoigula kumene kwa munthu wina m'tauni, yogwirapo kale ntchito. Ndinaikamo pepala n'kudina, ndipo chimene chinatuluka ndinathamanga nacho kwa eni ake.

Anachigwirira patali, kenako pafupi.

"Uyu ni ndani?" anafunsa.

"Ndimwe, ba malume."

"Iyayi. Uyu muntu adwala. Ona nkhope, yabiriwira. Maso siyaoneka. Mlongo wanga akaona ichi azaganiza kuti nili pafupi kufa."

Sananame. Nditachiyang'ana padzuwa, chinalidi chobiriwira, nkhope ili bii ngati makala, mkanjo wangoti mbee, wopanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinawauza kuti andipatse masiku awiri. Zinanditengera milungu isanu.

Ndinayamba ndi pulogalamu yobwera ndi pulinta, chifukwa inali ndi batani la zithunzi zopanda mitundu. Kubiriwira kunachepa masana, koma ndikayatsa babu chithunzi chinkafiirira. Kenako ndinalamula pulinta kuti igwiritse ntchito inki yakuda yokha. Mtundu wachilendo unatha, koma masaya a amalume anadzaza timadontho ngati wina wawawaza mchenga.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Matero, kwa bambo wina wachikulire amene anali ndi situdiyo yojambula zithunzi kuyambira nthawi ya filimu. Ndinamuyalira mapepala anga onse pa kauntala. Sanachedwe nawo.

"Pulogalamu yanu ikonza mitundu, pulinta nayo ikonza mitundu," anatero. "Muzimye imozi. Nanga pulofailo ya pepala iyi muli nayo?"

Ndinavomera kuti mawuwo ndinkangowaona, sindinkawamvetsa. Anandifotokozera kuti pulofailo ndi kafayilo kouza pulinta kuchuluka kwa inki imene pepala lakutilakuti limamwa, ndipo pepala lililonse limafuna yakeyake. Langa ndinaligula m'paketi yopanda dzina, choncho panalibe koti n'kukaipeza. Anandilangiza kuti ndigule mapepala odziwika, kapena ndingomusiyira chithunzicho andisindikizire.

Ndinathokoza, koma ndinakana. Mapepala opanda dzinawo ndi amene ankapezeka pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti ndidzakhala nawo zaka. Komanso chithunzicho ndinajambula ndine. Ndinkafuna kuchimaliza ndi manja anga.

Ndinapeza pulogalamu ina, yaulere, yosasangalatsa m'maso, yodzaza timabokosi ndi manambala. Ubwino wake unali umodzi: inkalola munthu kudzipangira pulofailo. Ndinasiya kaye nkhope ya amalume n'kuyamba kusindikiza mzere wa timabokosi toyambira pa kuyera, kumka totuwirapo, mpaka kuda. Pa mzere woyamba, timabokosi tisanu tomalizira tonse tinali takuda mofanana. Apo ndinamvetsa kumene maso a amalume ankasowera. Khungu lathu limakhala m'timabokosi timeneto, ndipo pulinta inkangotimiza tonse mu inki.

Ndinayamba kuchepetsa inki pang'onopang'ono. Ndikasindikiza mzere, ndinkalemba nambala kumbuyo n'kuusiya mpaka mawa, chifukwa ndinaona kuti inki ikauma maonekedwe amasintha. Ndinachepetsanso kuwala kwa kompyuta, popeza ndiko kunkandinamiza kuti zonse zili bwino.

Mvula inandipeza ndili pakati pa ntchitoyi. Madzi anadzaza pabwalo mpaka kulowa pansi pa chitseko. Tebulo ndinaliika pa njerwa, pulinta n'kuifunditsa chitenje. Mapepala anayamba kupindika ndi chinyezi, ndiye ndinkawasunga m'pulasitiki momwe ndinaikamo kathumba ka mpunga. Tsiku lina nditayesanso kusindikiza chithunzicho, magetsi anathima pepala lili pakati, ndipo amalume anatuluka chipewa ndi mphumi zokha. Amayi atabwera kudzandiona n'kupeza mapepala ali mbwee pabedi, anapukusa mutu.

"Si upeleke chabe ku situdiyo? Malume ako aleka na kufunsa."

"Niza siliza, amai," ndinawayankha.

Pa mzere wa khumi ndi chinayi, kabokosi kalikonse kanaoneka pakokha, kuyambira koyera mpaka kakuda, popanda kubiriwira. Ndinasunga pulofailoyo n'kuitcha dzina la pepalalo limene ndinalipeka ndekha, "lopanda dzina". Ndinasindikiza chithunzi, ndipo ngakhale mtima unali m'mwamba, ndinachisiya kuti chiume tsiku lathunthu.

Ndinapita nacho kwa amalume m'mawa, ndikudumpha pamiyala yoikidwa m'madzi, envelopu ili m'kati mwa jekete. Ndinawapeza akusoka yunifolomu ya sukulu. Anaimitsa makina, anapukuta manja, n'kuvala magalasi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Maso ankaoneka, imvi za m'ndevu zinkawerengeka, ndipo mkanjo unali ndi makwinya ake onse.

Kenako analoza pakhosi pa mkanjowo.

"Apa msoko unakhota," anatero. "Ninasoka neka uyu mkanjo. Zaka zitatu niuvala, sininaone."

"Nichotsepo pa kompyuta?"

"Siya. Mlongo wanga aziba kuti nimasoka mothamanga." Anachibwezera mu envelopu mosamala. "Upange vibili. Chimozi nizapachika pano."

Chopita ku Malawi anachitenga mayi wina wamalonda amene ankakwera basi ya ku Chipata sabata yotsatira. Ine nditabwerera kunyumba ndinatsegula paketi ya mapepala ena, osanyezimira, amene ndinali ndisanawayesepo, n'kusindikiza mzere wawo woyamba.