Dzina Langa Kuseri kwa Tsamba

Fungo la makoko a khofi akamawola limandibwezera ku Misuku, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali Sitandade 8. Chifunga chinkatsika kuchokera kunkhalango ya Mughese n'kugona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Tinkafika kusukulu zala zitauma, zikumata ndi madzi a khofi amene tathyola m'mawa.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a Kamwendo, a ku Zomba, anabwera ndi laputopu yakale imene ankakaitchaja pa sola ya kuchipatala. Tikaweruka ankatsala ndi ana asanu ndi mmodzi, n'kumatiphunzitsa kulemba tsamba la pa intaneti, ngakhale kuti intanetiyo kwathu kunalibe. Ankati tsamba lili ndi nkhope ndi kuseri. Kuseri tinkaika mawu pakati pa tizizindikiro tosongoka: aka kotsegula mutu, aka kotsegula ndime, aka kotseka. Ukadina, nkhope inkatulukira yoyera, tizizindikiro tija titasowa. Ine ndinalemba za munda wa bambo. Tsiku limene mawu akuti "Khofi wa Kwathu" anaoneka pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, ndinatsika phiri lonse osamva kuzizira.

Makolo sankaikhulupirira laputopuyo. Kunali mphekesera zoti kuli anthu amene amatola mayina a ana n'kukawapereka kwa asatana. Mayi anandichenjeza kuti dzina langa lisalowe m'chinthucho.

Pagulu lathu panali Tadala, mwana wa anamwino, nayenso wa kummwera. Sankalankhulalankhula. Ndikamacheza ndi anzanga m'Chisukwa chathu ankandiyang'ana pakamwa, koma ndikamuyandikira akulemba, ankapendeketsa laputopu. Tsiku lina anatuluka atasiya tsamba lake lotsegula. Kunkhope kunali ndime imodzi yokha, yonena za maluwa. Kuseri kunali mizere yambiri yotuwa imene kunkhope sinkaoneka, ndipo m'mizere imeneyo ndinaona dzina langa, Lusubilo, katatu. Sindinawerenge zotsatira. Ndinabwerera pabenchi.

Sabata yam'mbuyo mwake ndinajomba masiku awiri chifukwa cha khofi. Sindinadziwe kuti a Kamwendo anaphunzitsa chizindikiro china, chimene ukazinga nacho mawu amatsala kuseri kokha, ngati chikumbutso cha mwini tsamba.

Ndinaisunga nkhaniyo masiku atatu. Ndinkadzigwira pamphumi kuti ndimve ngati thupi latentha. Mbuzi yathu itayamba kutsokomola, ndinati basi zayambika, ndipo ndinauza mayi.

M'mawa mwake mayi anakwera nane phiri pamodzi ndi amayi ena awiri, mpaka mu ofesi ya ahedi. Munkanunkha choko ndi matumba a simenti. Anaitanitsa Tadala. A Kamwendo anatsegula tsamba lija n'kutembenuzira laputopu kwa ine.

"Werenga mokweza, Lusubilo. Dzinali ndi lako."

Ndinawerenga. "Lusubilo amati mwaghona akakumana ndi munthu. Lusubilo amati ndagha akamathokoza. Lusubilo akamaseka ndi anzake sindimva, koma mwina saseka ine."

"Nanga unabisiranji, mwanawe?" mayi anafunsa Tadala m'Chichewa chawo cholemera.

"Ndimafuna ndiyambe ndadziwa bwino, amayi. Ndikalakwitsa amandiseka."

 Mayi anamuuza kuti awapatse moni wa m'Chisukwa uja. Tadala ananena motsitsa, mayi anamukonza kawiri, kachitatu anagwedeza mutu. Koma amayi ena aja sanakhutire, ndipo ahedi, posafuna phokoso ndi makolo, anatseka maphunzirowo tsiku lomwelo. Laputopu inabwerera m'chikwama. Tsamba langa linathera pa ndime yachiwiri, ndipo Tadala sanandilankhulenso mpaka tinalemba mayeso.

Tinadzakumananso ku koleji ku Mzuzu. Anayamba ndi iye kundipatsa moni, m'Chisukwa chopanda chokonza. Patapita zaka zinayi tinakwatirana. Anamwalira chaka chatha, khofi akupsa.

Anasiya tsamba limene anapangira kagulu ka alimi a kwathu. Mwezi wapitawu alimiwo anandipempha kuti ndichotsepo nambala yake ya foni, ndiikepo yanga. Ndinatsegula kuseri. Mizere yotuwa inalipo, ndipo dzina langa linalimo.

Ndili mwana ndinaona dzina langa pobisika n'kuthawa osawerenga, chifukwa ndinkati munthu amabisa chokhacho chimene akufuna kukupweteka nacho. Ulendo uno ndinasintha nambala ija, ndinawerenga mzere woyamba, n'kutseka. Ndimawerenga umodzi Lamulungu lililonse ndikabwera kutchalitchi. Yatsala isanu ndi iwiri, ndipo sindikufulumira.