Telala Amene Sanaimirire

Amalume anga anali telala. Sindiwatama, chifukwa eni ake akadadana nazo. Ndingonena zimene ndidaona.

Kalabu ya mumsewu mwathu adaiyamba iwo ndi anzawo, mabanja a amisiri okhaokha. Kalabu yaikulu ya m'tauni sinkalola ana, ndiye iwo adagula malo kuseri kwa fakitale ya matabwa, naumba njerwa okha madzulo akaweruka. Adamanga holo yaing'ono ndi bwalo la tenesi. Neti adasoka amalume. Loweruka amayi ankasewera mpira wamanja, abambo tenesi, ife ana tikutola mipira, kenaka gule mpaka nyali zitazima.

Adaika lamulo limodzi lolimba. Banja latsopano likapempha kulowa, dzina linkawerengedwa pamsonkhano, ndipo mmodzi mwa oumba njerwa aja ankayenera kuimirira. Onse akangokhala pansi, nkhani yatha. Panalibe kufunsa chifukwa.

Zaka zidapita. Ana tidakula n'kubalalika kukafuna ntchito, oyambitsa nawo adatha mmodzimmodzi. Adatsala amalume ndi mnzawo mmisiri wa mipope, amene miyendo inali itamukana kale, osabweranso kumisonkhano.

Mwana wamkazi wa amalume adakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wansangala, wodziwana ndi aliyense. Mkamwiniyo adapempha kulowa, ndipo kumbuyo kwake kunali mabanja ambiri a kunyumba zatsopano, odikira kuona mmene ziyendere. Kalabu ikadatsitsimuka.

Koma kutatsala pang'ono msonkhano, mkamwini adalowa m'bwalo atavala nsapato za kuntchito, nasiya mizere yakuda pasimenti. Amalume adamupeza.

"Kodi bwalo lino mwaliyesa depoti?"

"Pepani bambo, koma simentiyi yaona zambiri kuposa nsapato zanga," adayankha akuseka. "M'ming'alu iyi mungalowe mbuzi."

Anthu adaseka. Amalume sadaseke, poti simentiyo adaipondaponda okha.

Pamsonkhano mlembi adawerenga dzina. Tonse tidatembenukira kwa amalume. Iwo adangoyang'ana zipewa zopachikidwa pakhoma. Mwana wawo adawanong'oneza, ine ndikumva:

"Ababa, imirirani. Olo pang'ono pokha."

"Andipepese kaye."

"Adapepesa kale!"

"Uku akuseka."

Mlembi adadikira kopitirira muyeso, kenaka adapita pa nkhani ya denga lodontha.

Mkamwini sadakwiye poyera. Adatenga mabanja aja n'kukayamba kalabu yawo pabwalo la sukulu. Kwathu kudatsala anthu osakwana n'kusewera awiriawiri. Gule adaleka. Holo adayamba kuibwereka ochita maukwati, kenaka wina adasungiramo matayala. Amalume ankabwerabe Loweruka kudzasesa masamba ndi kumanga neti, madzulo n'kuimasula popanda mpira woikhudza.

Mdzukulu wawo wamkazi adaphunzirira tenesi kusukulu kuja, ndipo ankamenya bwino. Tsiku la mpikisano amalume adandipempha kuti ndiwaperekeze. Tidaima kunja kwa mpanda wa waya. Mkamwini adationa, nabwera atanyamula mpando.

"Bambo, lowani mukhale pamthunzi. Kuno sitiwerenga maina."

"Sindine membala," adatero amalume.

"Ndinu agogo ake a mwana."

Amalume adagwira waya ndi manja onse awiri. Ndidaganiza kuti alowa. Koma adaonera masewero onse ali panja, dzuwa likuwaotcha padazi. Pobwerera ndidawaperekeza mpaka pakhomo pawo.

"Mwana uja amagwira bwino chomenyera mpira," adatero. "Sindidamuphunzitse ine."