Msuzi ukukoma chomene

Ndinafika ku Mzimba m'mwezi wa Juni, nditangomaliza kumene sukulu ya unamwino. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndinkadzitama kuti za kuzizira palibe angandiuze. Bodza lenileni. Mphepo yotsika kuchokera ku mapaini a ku Chikangawa inandilowa m'mafupa sabata yoyamba yomweyo, moti ndinkapita kuchipatala nditavala majuzi awiri.

Chitumbuka sindinkachidziwa, koma ndine munthu wapakamwa, sindibisa. Nditatola timawu tinayi, monire, yewo ndi enya (moni, zikomo ndi inde) komanso chomene, ndinayamba kutiwaza paliponse ngati mchere. Makamaka chomene, amene ndi "kwambiri" wa kumeneko. Anzanga akuntchito akandiona ankati, "Asisita a chomene afika!" Ine n'kumaona ngati akundiyamikira.

Kuseri kwa msika kunali kalesitilanti ka matebulo atatu. Mwini wake anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wa chipsera pamwamba pa diso. Anakhala zaka zambiri ku Joni, monga amachitira amuna ambiri a ku Mzimba, akugwira ntchito m'khitchini ya banja lina la ku Viyetinamu. Chipseracho anachitenga konko, tsiku limene eni dziko anaukira alendo n'kuwawotchera tinyumba tawo. Anandiuza kamodzi kokha kuti analumbira kuti sadzabwererako, kuti akufuna ana ake atatu akule akumuona nkhope, osati kumangomumva pafoni. Kalesitilantiko ndiko kankamusunga kwawo.

Ankaphika mpunga ndi nyemba monga ena onse, koma analinso ndi msuzi wake umene anaphunzira kwa mabwana ake aja. Ankati eni ake amautcha fo. Mafupa a ng'ombe a kubutchala ankawawiritsa kuyambira m'mamawa, pamodzi ndi anyezi ndi jinja zimene ankayamba waziwamba pamakala. Mpunga ankakaugayitsa kuchigayo, ufawo n'kuuphika panthunzi mopyapyala, kenako n'kuudula tizingwe tatitali toyera. Tizingweto ankatiika m'mbale yakuya, pamwamba tinyama todula mopyapyala, n'kuthira msuzi wowira. Ndimu ndi kambuzi unkadzithirira wekha. Pakona panali chidebe cha usipa wamchere umene ankausunga miyezi kuti azitengako madzi ake. Fungo la chidebe chimenecho, abale, silinali lamasewera.

Anthu ambiri ankauopa msuziwo. Amayi a mumsika ankati tizingweto ndi nyongolotsi. Ena ankati mafupa owira tsiku lonse simungadziwe kuti ndi a chiyani. Odya anali madalaivala a malole a matabwa, aphunzitsi angapo, ndi ine. Tsiku loyamba nanenso ndinayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, mtima ukukana. Koma nditaumwa ndinamva kutentha kukutsika mpaka kuzala zakumapazi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapitako kawiri kapena katatu pasabata.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachinayi. Ndinachedwa kuntchito, ndipo ndinkadutsa mothamanga pamalo pamene pamakhala anthu odikirira odwala. Mayi wina wachikulire, wa kumudzi, maso ali psuu, anandigwira padzanja. Analankhula Chitumbuka chothamanga. Ine ndinangotolapo mawu atatu: msuzi, msika, Joni. Ndinaganiza kuti akufunsa ngati msuzi wa bambo uja ndi wabwino kugulira wodwala. Ndinasangalala kuti ndamva, n'kumwetulira mano onse panja.

"Enya amama, msuzi ula ukukoma chomene!"

Anandisiya dzanja ngati wagwira moto.

"Ukukoma?"

"Chomene," ndinatero, n'kugwedeza mutu, ulendo kuwodi.

Sindinkadziwa kuti mayiyo anali namfedwa. Mlongo wake anali atamwalira m'mawa womwewo kuwodi ya abambo. Bamboyo anachokera kumudzi cha ku Embangweni kudzagulitsa ng'ombe, ndipo Lachiwiri anzake anamutengera kukalawa msuzi wachilendowo. Chimene chinamupha chinali matumbo opotana, madokotala anaona, ndipo sichinkakhudzana ndi chakudya chilichonse. Koma achibale ankafuna kudziwa kuti munthu wamphamvu, wochoka kwawo ndi miyendo yake, wafa bwanji masiku awiri okha.

Cha m'ma leveni koloko, mayi wokolopa muwodi mwathu, mbadwa ya komweko, analowa alibe ndi chokolopera chomwe. Anandikokera pakhonde.

"Asisita, anamfedwa aja mwawauza chiyani?"

"Anamfedwa ati?"

"Amama amene anakugwirani dzanja. Mwati chiyani za msuzi?"

Ndinabwereza mawu anga, ndikunyadirabe. Mayiyo anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"Mayo! Asisita, kuno kukoma ndi kupha. Chakudya chabwino timati chikunowa. Mukanalankhula Chichewa chanu chokhachokha akanadziwa kuti n'chilankhulo china, akanafunsa wina. Koma inu mwayamba ndi enya, mwamaliza ndi chomene. Iwo amva Chitumbuka: msuzi uja ukupha kwambiri. Ndipo wanena ndi nesi, ali m'yunifolomu."

"Ali kuti tsopano?"

"Apita kumsika, mtundu wonse. Ena anyamula zibonga."

Ndaonapo anthu akubwera nawo kuchipatala atamenyedwa ndi gulu, ndipo ndikudziwa mmene mutu wa munthu umaonekera njerwa ikaupeza. Ndinangouza mnzanga kuti andigwirire wodi, n'kuthamangira kugeti. Wakabaza amene ndinamupeza ndinamukalipira njira yonse kuti apalase ngati mwamuna. Anali munthu wosalakwa, Mulungu andikhululukire.

Phokoso tinalimva tisanafike. Kanjira kolowera kuseri kwa msika kanali thothotho, anthu ogulitsa atasiya malonda awo. Chitseko cha lesitilanti chinali chotseka, galasi la zenera litasweka kale. Mwala wina unagunda malata ndipo gulu linakuwa. Mwamuna wina anali ndi kabotolo ka petulo, akukagwedeza m'mwamba. Chitumbuka sindinkachimva, koma liwu limodzi ndinali nditangoliphunzira kumene, ndipo linkamveka mbali zonse: wakoma, wakoma munthu.

Ndinene zoona, ndinafuna kubwerera. Ndinaima kumbuyo kwa gululo n'kuganiza kuti palibe akundidziwa, ndikhoza kungozemba. Ine mlendo, mkazi, wopanda mbale aliyense m'boma lonselo. Akadziwa kuti ndinawanamiza, miyalayo siitembenukira kwa ine? Koma yunifolomu yoyera sibisika. Mayi wina anandiloza, mawu n'kuyenda pakamwa ndi pakamwa kuti anesi aja abwera. Ananditsegulira njira mwaulemu, poganiza kuti ndabwera kudzachitira umboni.

Ndinafika pakhomo n'kutembenuka. Mayi wofedwa mlongo uja anali patsogolo penipeni, ndipo ankandiyang'ana ngati mpulumutsi wake.

"Makolo anga," ndinayamba, "wolakwa ndine. Bambo ali m'nyumbamu sanaphe munthu. Ine ndine Mchewa wa ku Dedza. Kwathu tikati chakudya chikukoma ndiye kuti n'chabwino. Sindinkadziwa kuti kuno ndi kupha."

Ambiri a paboma amamva Chichewa, ndipo ena anayamba kuyang'anana. Wina kumbuyo anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'khosi. Bambo wina wachikulire wovala jekete, amene pambuyo pake ndinamva kuti anali mphunzitsi wopuma, anamasulira mawu anga kwa anamfedwa. Mayi uja anapukusa mutu n'kuyankha mokweza. Mphunzitsiyo ananditembenukira.

"Akuti anakufunsani kawiri, ndipo kawiri konse munavomera. Akuti mwina wophikayu wakunyengererani kuti musinthe mawu."

"Ndi liti? Ndachokera kuwodi pompano!"

"Ngati suupha, adye tione!" anakuwa wa petulo uja, m'Chichewa chomveka bwino kuti ndimve.

Gulu lonse linavomereza. Ndinagogoda pachitseko n'kunena kuti ndine. Panapita nthawi, kenako ndinamva tebulo likukokedwa mkati. Mwini lesitilanti anatsegula pang'ono. Magazi ankatsika kuchokera pakhutu pake pomwe galasi linamucheka, ndipo kumbuyo kwake mkazi wake anali atakhala pansi, atafungatira mwana wawo wamng'ono. Bamboyo anali atamva zonse kudzera pazenera.

"Achimwene, ndipakulireni mbale imodzi," ndinatero. "Mu mphika womwewo."

Anatulutsa mpando n'kuuika pakhonde. Pobweretsa mbale, theka la msuzi linatayikira pansi chifukwa cha mantha. Ndinakhala, mbale pamiyendo, anthu mazana akundiyang'ana kukamwa.

Apa ndiulule chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Nditanyamula supuni, mantha ena anandigwira, osati a miyala. Ndinakumbukira chidebe cha usipa chija. Ndinaganiza, kodi ngati madokotala analakwitsa? Kodi ngati muli kanthu ndithu? Ine nesi wophunzira, wodya msuziwo miyezi itatu popanda ngakhale kutsegula m'mimba, ndinayang'ana tizingwe toyerato n'kuona nyongolotsi. Anthu ambiri akakhulupirira chinthu pamaso pako, chimakulowa ngati chimfine. Ndinakweza maso n'kupeza mwini msuzi akundiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti anaona kukayika kwangako.

Ndinamwa. Unali wotentha, unandiwotcha lilime, koma sindinaime. Tizingweto tinkaterera pa supuni n'kugwera pa yunifolomu. Ndinatola ndi zala. Kukoma kwake sindinakumve ngakhale pang'ono, ndipo ndinkaopa kuti ndikangosanza basi, bamboyo wapita. Ndinameza mokakamiza, misozi ikutsika, ndikupemphera chamumtima kuti mimba yanga isandichititse manyazi lero lokha. Nditamaliza ndinapendeketsa mbale kuti onse aone, n'kupempha ina. Yachiwiriyo ndinaidya pang'onopang'ono.

Kenako tinadikira. Anthu ankadikira kuti ndigwe, ndipo ine ndinkamvetsera m'mimba mwanga ngati mmene ndimamvetsera pachifuwa cha wodwala. Dzuwa linali paliwombo koma ndinkamva kuzizira. Wina anati anesi ali ndi mankhwala awo, akamwera kuchipatala. Wina anamuyankha kuti asiye zopusa. Amayi a tomato anayamba kubwerera kumabenchi awo mmodzimmodzi. Wa petulo uja sindinaone kumene analowera. Apolisi awiri pofika anapeza gulu litachepa kale.

Otsala anali mayi wofedwa uja ndi abale ake. Ndinagwada pamaso pake, fumbi lomwelo, n'kupempha mphunzitsi kuti andimasulire liwu ndi liwu. Ndinafotokoza za matumbo opotana. Ndinapepesa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena mawu ochepa n'kutembenuka.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti m'mawa munawapatsa chifukwa, tsopano mwawalanda. Akanena chiyani kumudzi?"

Ndinawayang'ana akubwerera kuchipatala kukatenga maliro awo.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Nkhani yoti nesi anati msuzi uja ukupha inafika midzi yakutali. Nkhani yoti nesi yemweyo anadya mbale ziwiri inathera pamsika pomwepo. Madalaivala anayamba kuimika malole awo kwina. Ngakhale mpunga ndi nyemba anthu anasiya kugula. Ana ake kusukulu anzawo ankawathawa pa nthawi yopuma.

Ine ndinkapitako tsiku lililonse. Ndinkakoka anzanga akuntchito, ena ndinkachita kuwakalipira, koma ankabwera kamodzi n'kupeza zifukwa. Nthawi zambiri ndinkakhala ndekha pa matebulo atatu aja, zenera litatsekedwa ndi katoni. Mwiniwake ankandipakulira mwaulemu monga kale. Sananditukwane, sanandidandaulire. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinapepesa kangapo, iye n'kumangoti, "Palije kanthu, asisita, simunadziwe." Koma wina akangodutsa panja mothamanga, ankasiya chipande n'kuyang'ana kuchitseko.

Tsiku lina chakumapeto kwa Okutobala ndinapeza loko pachitseko cha lesitilanti. Mkazi wake ndinamupeza mumsika, atayala timilu ta anyezi pa thumba, mwana kumsana. Ndinagwada pambali pake n'kufunsa kuti bambo ali kuti.

"Anakwera basi Lachiwiri," anatero, maso ali pa anyezi.

"Basi ya kuti?"

"Ya ku Joni."

"Koma amama, anati sadzabwererako! Kumene kuja anafuna kumupha!"

Anakonza kamulu kamodzi kamene kanagumuka, kenako anandiyang'ana. M'maso mwake munalibe ukali, munali kutopa kokha.

"Ndinamuuza zomwezo, asisita. Iye anati kumeneko akamamumenya, amamumenya anthu osamudziwa. Kuno pa amene ananyamula miyala tsiku lija panali amene anavina pa ukwati wathu, panalinso mwana wa amalume ake."